Wakompuliketa Ndani? Mneni Ameneyu Timubwezere Mwini Wake

Abale anga a pagulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo ndikuuputa dala. Mkangano wake ndi wa liwu limodzi la Chingerezi lomwe lakhazikika m'kamwa mwathu ngati mlendo amene anabwera kudzagona tsiku limodzi koma pano akulima dimba. Liwulo ndi complicate. Ife tinalipinda kale kuti likwane lilime lathu, timati kukompuliketa. Mumalimva mu minibasi, pa mjigo, mu saluni, m'maofesi ngakhale pa maliro. "Zinthu zakompuliketa." "Nkhani yake ndi yokompuliketedi." "Aise, usakompulikete zinthu." Ine ndimagulitsa zitenje mumsika, ndipo dzuwa silingalowe ndisanalimve liwuli. Chomwe ndikufuna kukuuzani ndi ichi: liwuli tinabwereka bwino, koma tikuligwiritsa ntchito mwachinyengo. Tinalidula mutu. Tinachotsa munthu wochita, n'kusiya vuto likuyenda lokha ngati lilibe mwini.

Ndiyambe ndi inu amene mwayamba kale kuwomba m'manja poganiza kuti ndikubwera kudzalira kuti Chichewa chikufa. Pepani, khalani pansi, sindili mbali yanu. Inu amene mumakwiya mukamva mwana akuti "kukompuliketa", tayang'anani kumapazi kwanu. Nsapato mwavalazo ndi liwu lochokera ku Chipwitikizi, sapato. Mbatata munadya m'mawa ija ndi batata wa Apwitikizi omwewo. Kapitawo wa kuntchito kwanu nayenso anachokera komweko. Sukulu, buku, tebulo, supuni, foni, zonsezi ndi za Angerezi. Aneni nawo alipo ambirimbiri: timachaja foni, timafulasha, timasaina, timavota, timawina, timaluza, ndipo ife a geni timapita kukaoda katundu ngakhale liwu loti kupikula tili nalo. Palibe anafa nazo. Chiyankhulo chili ngati msika, katundu amalowa kuchokera kulikonse, ndipo msika womwe sulowa katundu watsopano ndi womwe ukutsekedwa. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziyang'anira chiyankhulochi, linagwira ntchito zaka zoposa 20, koma silinaletse munthu kunena kuti sukulu. Nde musandiyitanire ku nkhondo yothamangitsa mawu obwereka. Nkhondo yanga ndi ina.

Tiyeni tilione liwuli komwe linachokera. Angerezi nawonso anachita kubwereka, analitenga ku Chilatini. Muli zidutswa ziwiri: com, kutanthauza pamodzi, ndi plicare, kutanthauza kupinda. Ndiye kuti pachiyambi penipeni, complicate ndi kupinda zinthu pamodzi, china kulowa mwa chinzake. Apa ndiye mwandipeza pa ntchito yanga. Ine ndimapinda nsalu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ndikukuuzani mosaphethira kuti chitenje sichidzipinda chokha. Mukapeza chitenje chopindidwa bwino pa benchi, pali manja amene apinda. Mukapeza zitenje zitatu zitapiringizana m'thumba moti kukoka chimodzi zonse zikubwera, palinso manja amene anaziponyamo mwaulesi. Ulusi ukakolana kwa telala, pali amene anausiya pansi ana n'kuseweretsa. Tanthauzo la liwuli lili ndi manja mkati mwake.

Ngakhale mu Chingerezi chenichenicho, chimene tinkaphunzira ku sekondale, mneni ameneyu samayima yekha. Amafuna wochita kutsogolo ndi chochitiridwa kumbuyo. Aphunzitsi akati tipange ziganizo, timalemba zonga izi: "The rain complicated our journey." Wasokoneza ulendo ndani? Mvula. "The new form complicates the application." Chavutitsa anthu n'chiyani? Fomu yatsopano, ndipo fomuyo ili ndi amene anailemba. "His lies complicated the case." Mlandu wacholowana chifukwa cha mabodza a bambo uja. Mukanalemba kuti "Things have complicated" basi n'kuika mpumiro, cholembera chofiira chikanadutsapo. Mneniyu amafunsa mafunso awiri nthawi zonse: ndani, ndipo wavutitsa chiyani?

Tsopano bwerani kwathu kuno. Amene munakhalako m'kalasi la Chichewa mukukumbukira misintho ya aneni. Pali msintho wochitidwa poyera ndi msintho wochitidwa m'chibisira. Mwana akaswa mbale, pali njira zitatu zonenera. "Ndaswa mbale," uyu ndi mwana wolimba mtima. "Mbale yaswedwa ndi mlongo wanga," apa wochita akuoneka poyera. Koma mwana wochenjera amabwera akupukusa mutu n'kunena kuti, "Amayi, mbale yasweka." Yasweka! Ngati kuti mbaleyo inadzuka yokha pa thandala n'kudziponya pansi. Amayi aliyense pa Malawi pano amadziwa funso lotsatira: "Yasweka yokha? Waswa ndani?" Sitilola mwana wa zaka 6 kutinamiza ndi mneni wa m'chibisira. Nanga bwanji timalola akuluakulu a ndevu zawo kutinamiza ndi njira yomweyo, kungoti iwo auveka jekete la Chingerezi?

"Zakompuliketa" ndi "yasweka" wa anthu ophunzira. Taonani mmene amagwirira ntchito.

Kasitomala amatenga zitenje ziwiri pa ngongole, akuti alipira pa 27 malipiro akalowa. Pa 27 pafika, pa 5 padutsa, mwezi wina wayamba. Mukamuyimbira amati, "Mayi, zinthu zangokompuliketa pang'ono." Zinthu ziti? Sanena. Akananena kuti "mwana anadwala, ndalama ndinagulira mankhwala," ndikanamva, nanenso ndine kholo. Akananena kuti "abwana sanatilipire," ndikanadziwa kuti tonse tikudikira munthu mmodzi. Akananena kuti "ndinagula foni yatsopano," ndikanadziwa kuti uyu sindidzamukongozanso. Ziganizo zitatuzi zili ndi wochita, ndipo chilichonse chikundiuza chochita. Koma "zakompuliketa" sichindiuza kanthu. Chimanditseka pakamwa basi, ine n'kukafika kwa opikulitsa ndi ndalama zosakwana, ku banki mkhonde akundidikiranso ndi chiwongoladzanja chawo. Kumeneko Lachisanu likakwana safuna kumva Chingerezi, amafuna ndalama pa mphasa.

Pitani ku ofesi ina iliyonse kukatsata pepala. Mwapita kanayi, transipoti mwalipira kanayi, benchi mwasiyira mnzanu kanayi. Ulendo wachisanu munthu wa pa desiki akukuuzani, maso ali pa foni, kuti "Nkhani yanuyi ndi yokompuliketedi, mubwere sabata yamawa." Mukaifufuza nkhani yokompuliketedi ija, mupeza kuti ndi imodzi mwa izi: fayilo anaitaya, woyenera kusaina sanabwere ku ntchito, munalakwitsa polemba koma palibe anakuuzani, kapena pali wina akudikira kuti mumvetse nokha kuti pakufunika ya fanta. Zonsezi zimaneneka m'Chichewa chosavuta cha mwana wa Sitandade 3. Koma zikaneneka choncho, pakhala munthu woti ayankhe. Liwu lija ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti woyankha asapezeke.

Za m'mabanja ndiye musachite kufunsa. Facebook yomweyi inatipatsa malo oti munthu alembe za chibwenzi chake kuti "It's complicated," anthu n'kuitola ngati ndalama yogwa. Mtsikana akufunsa, "Kodi muli pa banja?" Bambo akukanda kumutu: "Eee, it's complicated." Chemwali, palibe chakompuliketa apo. Bamboyo ali ndi mkazi ku Ndirande ndi ana atatu, ankhoswe akudziwana, ndipo Lamulungu amakhala benchi limodzi ku tchalitchi. Chiganizo choona n'chachifupi: "Ndili ndi mkazi, koma ndikufunanso iwe." Chimenecho sanganene, chifukwa chikupatsa mtsikana mpata woti asankhe akudziwa. Amasankha Chingerezi kuti utsi uchuluke.

Pano ndifike pomwe pamandiwawa kwambiri, ndipo ndikupempha muleke kaye kuseka. Kangati mwamva pa maliro a mayi wachichepere kuti "anamwalira ndi ma complications"? Anthu amagwedeza mitu, nyimbo n'kupitirira. Ndikudziwa kuti kwa achipatala liwuli lili ndi tanthauzo lake lenileni, ndi vuto lina lomwe labwera pamwamba pa matenda kapena pa uchembere. Sindikutsutsa zimenezo. Koma likatuluka m'chipatala n'kufika pa siwa, limasanduka nsalu yophimbira. Mavuto amene amapha amayi pa uchembere ali ndi mayina. Bungwe la WHO limatchula kutaya magazi ambiri makamaka mayi akangobereka, matenda olowa m'thupi atachira, kuthamanga kwa magazi pa nthawi ya pakati, zovuta za pobereka penipeni, ndi kuchotsa pakati mosatetezeka, ndipo limati zimenezi ndi zomwe zimatenga pafupifupi amayi atatu mwa anayi alionse omwalira pa uchembere. Akatswiri a zaumoyo amakambanso za kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zopita ku chipatala, kuchedwa pa njira, ndi kuchedwa kuthandizidwa utafika kale. Kuchedwa kulikonse kuli ndi nkhope. Mwina apongozi anati tidikire kaye bambo abwere. Mwina mlatho unakokoloka chaka chatha osakonzedwa. Mwina ambulansi inalibe mafuta, kapena magazi oti amuwonjezere panalibe. Banja likauzidwa kuti "anataya magazi ambiri ndipo munafika mochedwa," mng'ono wake wa malemuyo akadzakhala ndi pakati adzapita msanga kukadikirira ku chipatala. Banja likauzidwa kuti "ma complications," limabwerera kumudzi opanda phunziro lililonse, ndipo mpata umene wasiyidwawo umadzazidwa ndi kulozana zala za ufiti. Agogo ena osalakwa amathamangitsidwa m'mudzi chifukwa choti liwu la Chingerezi silinamasuliridwe.

Za chuma nazo n'chimodzimodzi. Mu November 2023 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Chaka cha 2022 mu May anali atatsitsa kale ndi 25 peresenti. Ife amene katundu wathu wambiri amachokera kunja tinaziona pa benchi sabata yomweyo. Mukafunsa ophunzira ena kuti zikutheka bwanji, amakuyankhani kuti "Mayi, economics ndi yokompuliketedi." Shuwa? Ine ndi Fomu 4 yangayi ndikhoza kuifotokoza. Dziko limagula kunja zinthu zambiri, mafuta, feteleza, mankhwala, nsalu, kuposa zomwe limagulitsa, ndipo fodya amene timadalira kwambiri sabweretsa madola okwanira chaka chonse. Madola akachepa, mtengo wake umakwera, ngati tomato m'nyengo ya dzinja. Boma likabwereka kwambiri, ngongoleyo imafuna kubwezedwa ndi chiwongoladzanja. Mayi aliyense wa banki mkhonde angamve zimenezi. Ndipo chiganizo chilichonse pamenepa chili ndi wochita: wina anabwereka, wina anasaina, wina anasankha chogula ndi chosiya. Ogulitsa kaunjika aja amene anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025 chifukwa cha kukwera kwa mitengo ya mabelo anali atamvetsa galamala imeneyi. Anadziwa kuti mtengo sukwera wokha ngati nyani, ndipo anapita kukafunsa komwe kuli anthu oti ayankhe.

Tsono taonani matsenga a liwuli. Nthawi zonse wamphamvu akalakwitsa, mneniyu amakhala wopanda mwini: zakompuliketa. Koma tsiku lomwe inu wamng'ono mwafunsa funso, mwini amapezeka nthawi yomweyo, ndipo mwiniyo ndinu. "Mayi, mukukompuliketa zinthu." Mwapempha lisiti mutalipira chiphaso cha msika? Mukukompuliketa zinthu. Mwauza mlamu wanu kuti ndalama akubwerekazo mulemberane pa pepala? Mukukompuliketa chibale. Mkazi wamasiye wafunsa kuti bwanji dzina lake palibe pa mapepala a nyumba imene anamanga limodzi ndi malemu mwamuna wake? Akukompuliketa mwambo wa maliro. Mtsikana wauza chibwenzi chake kuti akayezetse kaye magazi onse awiri? "Iwe, usakompulikete chikondi." Mwaona? Anthu omwewa amene sadziwa wochita akataya fayilo yanu, amamudziwa bwino wochita mukafunsa za fayiloyo. Galamala amaidziwa. Amangosankha tsiku loigwiritsa ntchito.

Ndipo mukaonetsetsa, amene akunenedwa kuti akukompuliketa ndi amene akuyesa kuphweketsa. Lisiti imathetsa mkangano usanayambe. Pepala la ngongole limasunga chibale, chifukwa mawa palibe adzanene kuti zinali K50,000 pomwe zinali K80,000. Kuyezetsa magazi kumatenga mphindi zochepa, kusayezetsa kumatenga moyo wonse. Wofunsa ndi amene akutambasula chitenje kuti aliyense aone ngati chili ndi chibowo. Wokana kufunsidwa ndi amene akuchipinda msangamsanga kuti chibowo chikhale mkati. Ife ogulitsa nsalu njira imeneyi timaidziwa, ndipo kasitomala wanzeru amati, "Tatambasulani ndione." Amayi timamva mawu amenewa kuposa abambo, ndi mnzake uja woti "ndinu ovuta". Mwamuna akafunsa lisiti amati ndi wadongosolo. Mkazi akafunsa lisiti yomweyo amati akukompuliketa.

Mwina mukufunsa kuti bwanji chinyengochi chimayenda bwino m'Chingerezi kusiyana ndi m'Chichewa. Yankho lake lili m'mbiri yathu. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, koma Chingerezi chinakhalabe cha boma, cha makhoti ndi cha maofesi. Mpaka lero, olo mutakhoza masamu ndi sayansi bwanji, mukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE simuiona. Malamulo aakulu a dziko lino amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana. Ku pulayimale tinkavekedwa chikwangwani kapena kupatsidwa chibalo tikagwidwa tikuyankhula "vernacular". Zonsezi zinatiphunzitsa chinthu chimodzi chomwe sichinalembedwe pa bolodi: munthu akayankhula Chingerezi, iwe khala chete. Ndiye wina akati "zavuta", mayi wa kumudzi amafunsa molimba mtima, "Chavuta n'chiyani?" Koma akati "it's complicated", mayi yemweyo amaweramitsa mutu, amaganiza kuti vuto ndi sukulu yake yochepa. Amachita manyazi ndi umbuli womwe si wake. Wonenayo akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake wasankha liwulo. Ndi chida chogwiritsa ntchito mantha amene anatidzala tili ana.

Ndikudziwa zomwe ena muyankhe, ndipo ndizitenge chimodzichimodzi.

Ena muti, "Koma mayi, zinthu zina ndi zovutadi kumvetsa." Eya, zilipo. Thupi la munthu ndi lovuta, nyengo ndi yovuta, malamulo a malo ndi ovuta. Sikuti vuto lililonse lili ndi munthu woipa kumbuyo kwake. Nthawi zina wochita ndi mvula, ndi matenda, ndi ukalamba. Chabwino, mutchuleni yemweyo. "Namondwe Freddy anawononga misewu mu 2023, katundu sakufika." Chiganizo chomveka, wochita alipo, palibe amene wanamiziridwa. Chomwe ndikukana ndi kugwiritsa ntchito kuvuta kwa nkhani ngati chifukwa chosaifotokozera. Nkhani ikakhala yovuta ndiye pofunika mawu ambiri, kukhala pansi, kutambasula pang'onopang'ono. Munthu amene akuidziwa bwino ntchito yake amatha kuifotokozera agogo ake. Amene amathawira ku "complicated" kawirikawiri mwina sakuidziwa, mwina akuidziwa kwambiri moti sakufuna inu muidziwe.

Ena muti, "Chikhalidwe chathu n'chozungulira, sitilozana zala, ndi ulemu." Zoona, ndife anthu aulemu. Timati munthu watisiya, sitinena mwachindunji. Timati mayi ndi woyembekezera, wachira, wapita padera. Koma taonani kusiyana kwake. Ndikati "agogo atisiya", aliyense wamva chomwe chachitika. Mawuwo afewetsa ululu koma uthenga wafika wathunthu. Ulemu wa makolo athu unkaphimba mawu, sunkaphimba nkhani. Pa bwalo la amfumu anthu ankayankhula mwa miyambi, koma pomaliza wolakwa ankadziwika ndipo nkhuku kapena mbuzi inkaperekedwa. Paja amati mlandu suwola. "Zakompuliketa" amatenga chovala cha ulemu n'kubisamo kuzemba. Ulemu umateteza womvera, kuzemba kumateteza wonena. Musazisokoneze.

Enanso muti, "Nanga munthu alibe ufulu wosunga chinsinsi chake?" Ali nawo. Ngati nkhani ndi ya m'nyumba mwanu ndipo sikundikhudza, nenani kuti "sindikufuna kukamba." Ndi Chichewa chabwino, ndipo ndikulemekezani. Koma ngati muli ndi ndalama zanga, fayilo yanga, mtima wanga kapena thupi la m'bale wanga, nkhaniyo si chinsinsi chanu nokha. Ndili ndi gawo, ndipo ndiyenera kumva.

Chomvetsa chisoni n'choti Chichewa chili ndi mawu ambiri a ntchito imeneyi, ndipo lililonse limaloza malo ake. Kuvutitsa ndi kuchititsa munthu kuvutika. Kusokoneza ndi kuwononga dongosolo lomwe linalipo. Kupiringiza ndi kukolanitsa zinthu kuti poyambira pasaoneke. Kucholowanitsa ndi kuchulukitsa njira ndi mfundo mpaka munthu atayike. Kukhwimitsa ndi kumanga malamulo mothina. Kuchedwetsa ndi kudya nthawi ya mnzako. Kupinga ndi kuika chipika pa njira dala. Kuzunguza ndi kumutembenuza munthu mutu. Tamverani kusiyana: "Kalaliki wachedwetsa fayilo yanga." "Khonsolo yakhwimitsa malamulo a malo ogulitsira." "Mlamu wapiringiza nkhani ya munda." "Bambo uja akumuzunguza mwana wa eni." Chiganizo chilichonse chikukuuzani wochita, chochitika, ndi khomo loti mukagogode. Complicate akalowa amameza onsewa n'kukhala liwu limodzi lopanda fungo. Apa pokha ndi pomwe ndingagwirizane pang'ono ndi anzanga oteteza chiyankhulo aja: kubwereka n'kwabwino ukamawonjezera pa zomwe uli nazo, koma kusinthanitsa mipeni isanu ndi itatu yakuthwa ndi chibonga chimodzi ndi malonda oluza.

Tsono inu alembi a pagulu lino, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa wina aliyense. Ndimawerenga nthano ndi ndakatulo zanu usiku ndikaweruka, ndipo matendawa ndimawaona. "Moyo unavuta." "Zinthu zinasokonekera." "Chikondi chawo chinali chokompuliketedi." Ayi, alembi. Owerenga tikufuna kudziwa anavutitsa ndani, anasokoneza chiyani, tsiku liti, ndi mawu otani. Nthano imayamba pomwe wochita waonekera. Ngati mukufuna kuika "zakompuliketa" m'nkhani yanu, muikeni m'kamwa mwa mpangankhani amene akuzemba, ndipo owerenga timugwire tokha. Pamenepo liwulo lagwira ntchito, chifukwa likutionetsa khalidwe la munthu. Koma inu mwini nkhani musabisale kumbuyo kwake. Mlembi amene akuopa kutchula wochita pa pepala lake lomwe, adzamutchula kuti?

Pempho langa ndi laling'ono, silifuna ndalama kapena komiti. Liwuli pitirizani kuligwiritsa ntchito ngati mumalikonda, ine sindine wapolisi wa chiyankhulo. Koma mulipatse zomwe limafuna: wochita kutsogolo, chochitiridwa kumbuyo. Nenani kuti "abwana akompuliketa malipiro posintha tsiku osatiuza." Nenani kuti "ndakompuliketa nkhaniyi ndine, ndinalonjeza anthu awiri malo amodzi." Nenani kuti "mvula yakompuliketa ulendo wa ku Tsangano." Zimenezo ndi ziganizo za munthu wamkulu. Ndipo wina akakuuzani kuti zakompuliketa, kaya wavala tayi, kaya yunifolomu, kaya ndi wokondedwa wanu, musaweramitse mutu. Mufunseni mwaulemu, mawu otsika, maso ali pa iye: "Pepani, chakompuliketa n'chiyani kwenikweni? Wachititsa ndani? Tandiuzeni m'Chichewa." Woona mtima akhala pansi n'kukufotokozerani, mwina mpaka muthandizana. Wozemba akwiya, ndipo akuuzani kuti mukukompuliketa zinthu. Akatero musatekeseke, mwafunsa funso loyenera pa malo oyenera. Funsaninso kachiwiri.